Musataye mkaka woyamba: mmene mungapatsire khanda lactoferrin wokwanira

Ngati muli woyembekezera, kapena pakhomo panu pali amene masiku ake ayandikira, m'chikwama muyenera kuti mwalowa kale zitenje, beseni lili pafupi, ndipo ndalama ya galimoto yopitira kuchipatala mwaisunga pabwino. Chatsala ndi chinthu chimodzi chosalowa m'chikwama, ndicho kugwirizana ndi apabanja za mkaka woyamba. Mkaka wachikasu uja, wonanda, wotuluka madontho ochepa m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, uli ndi zoteteza khanda zambiri, ndipo chimodzi mwa izo ndi puloteni wotchedwa lactoferrin. Dzinali mwina munaliona pa Facebook kapena pa WhatsApp, pamene ogulitsa makapisozi amalonjeza kuti amakweza chitetezo cha m'thupi. Tiyambe ndi zimene ofufuza apezadi, kenako tikambe zoti muchite kuchipatala ndi kunyumba.

Lactoferrin amapezeka mu mkaka, m'misozi, m'malovu, m'mamina, ndiponso m'maselo oyera a magazi amene amathamangira pamene pali bala kapena matenda. Anayamba kudziwika mu 1939, akatswiri a ku Denmark ataona puloteni wofiirira mu mkaka wa ng'ombe, ndipo mu 1960 akatswiri ena anatha kumupatula mu mkaka wa munthu. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira ayironi. Mabakiteriya ambiri oyambitsa kutsekula m'mimba ndi matenda a m'magazi saswana popanda ayironi, tsono lactoferrin akamugwira zimakhala ngati nkhokwe yomatidwa bwino: makoswe alipo, koma chimanga sakuchifikira. Akafika m'mimba, madzi ogaya chakudya amamudula zidutswa, ndipo kachidutswa kena kamaboola khungu la mabakiteriya. M'malabotale aonanso kuti amatsekereza mavairasi ena kuti asakakamire ku maselo, komanso amathandiza kuti mabakiteriya abwino a m'matumbo a khanda achulukane.

Mu lita imodzi ya mkaka woyamba wa mayi muli magalamu 5 mpaka 7 a lactoferrin. Pakapita milungu ingapo amatsika kufika pa galamu 1 kapena 2, koma satha. Amakhalamo nthawi yonse imene mwana akuyamwa. Mu lita ya mkaka wa ng'ombe muli pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a galamu, ndipo pang'ono pomwepo pamawonongeka mkaka ukawiritsidwa.

Madokotala ataona zimenezi anayesa kupatula lactoferrin mu mkaka wa ng'ombe n'kumamwetsa makanda obadwa masiku asanakwane, amene matenda a m'magazi amawavutitsa kwambiri. Ku Italy, Paolo Manzoni ndi anzake anayesa pa makanda 472 obadwa osafika kilogalamu 1.5, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009. Pa makanda 100 alionse amene sanalandire, pafupifupi 17 anadwala matenda a m'magazi, pamene mwa olandira lactoferrin anadwala 6 okha. Anthu anali ndi chiyembekezo chachikulu, mpake. Koma ku Britain anabwereza ntchitoyi pa makanda 2,203 m'zipatala 37, m'kafukufuku wotchedwa ELFIN, ndipo mu 2019 anapeza kuti mwa olandira anadwala 29 pa 100, mwa osalandira 31 pa 100. Kusiyana kochepa chonchi kukhoza kungochitika kokha. Kafukufuku wa LIFT ku Australia ndi New Zealand, pa makanda 1,542, anapezanso mu 2020 kuti imfa ndi matenda aakulu sizinachepe.

Kwa ana okulirapo nkhani ndi yosakanikirana. Ku Lima, m'dziko la Peru, Theresa Ochoa anayesa pa ana 555 opitirira chaka chimodzi. Olandira lactoferrin ankatsekula m'mimba kawirikawiri mofanana ndi anzawo, kungoti matendawo ankakhala opepukirapo. Kuno ku Malawi nakonso ana akumudzi oposa 200, a miyezi 12 mpaka 23, analowa m'kafukufuku, ndipo ena mwa iwo anapatsidwa lactoferrin pamodzi ndi puloteni wina wotchedwa lysozyme. Zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti matumbo a olandirawo anayamba kugwira bwino ntchito pakutha milungu 8, ndipo ochepa okha ndi amene anagonekedwa m'chipatala kapena kunyentchera, koma pa msinkhu panalibe kusiyana. Ndi nkhani yabwino, koma ana 200 ndi ochepa kuti boma lisinthire ndondomeko. Kwa akuluakulu, akatswiri a ku Australia atasonkhanitsa zofufuza zosiyanasiyana mu 2022 sanapeze kuti makapisoziwa amachepetsa chimfine ndi chifuwa, ndipo pa Covid-19 kafukufuku wa ku Italy ndi wa ku Peru sanapeze phindu.

Ine ndimaziona chonchi. Makanda ambiri a m'kafukufuku wa ku Britain uja ankalandira kale mkaka wa amayi awo, ndipo ofufuza ena akuganiza kuti n'chifukwa chake wowonjezerayo sanaoneke ntchito. Mu bere, lactoferrin sayenda yekha. Amatsagana ndi asilikali a m'thupi amene mayi wapanga polimbana ndi tizilombo ta pamudzi pomwepo, ndi maselo amoyo, ndi mitundu ya shuga yodyetsa mabakiteriya abwino. Umboni wa bere ndiye wolimba. Ku Ghana anatsatira makanda oposa 10,000, ndipo mu 2006 anawerengera kuti imfa 22 pa 100 za makanda osakwana mwezi zikhoza kupeweka onse atayamba kuyamwa m'ola loyamba, ndi 16 pa 100 atayamba tsiku loyamba. Choncho ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti madontho aja afika m'kamwa mwa mwana, msanga, ndiponso osawonongeka.

Yambani mimba isanafike tsiku. Khalani pansi ndi amene adzakudikirireni kuchipatala, kaya ndi amayi anu, apongozi kapena azakhali, pamodzi ndi bambo a mwana. M'mabanja ena anthu anakula akumva kuti mkaka wachikasu ndi woipa, wogonera m'bere miyezi yonse ya mimba, ndipo uyenera kufinyiridwa pansi. Agogo onena zimenezi amanena chifukwa chokonda mdzukulu, tsono musawayankhe mwachipongwe. Atengeni popita ku sikelo kuti akamve okha kwa anamwino kapena kwa alangizi a zaumoyo. Mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amawawa, koma akachokera kwa achipatala amalowa bwino. Mayi amene wangobereka kumene amakhala wotopa, sangalimbane ndi munthu, n'chifukwa chake mgwirizano uyenera kupangidwa kukadali nthawi.

Mwana akangobadwa n'kupukutidwa, pemphani kuti amugoneke pachifuwa panu, khungu ndi khungu, n'kukufunditsani nonse chitenje chouma, kumutu kwake kuli kachipewa. Musamufulumize. Makanda ambiri amapuma kaye, kenako amayamba kunyambita timanja, kutembenuza mutu ndi kufunafuna bere okha ola lisanathe. Kusambitsa kudikire mpaka patapita maola 24, chifukwa madzi amamuziziritsa ndipo mwana wozizidwa sayamwa bwino. Ngati mwabereka pa opaleshoni, wokudikirirani akumbutse anamwino kuti mwana abwere kubere mukangotha kumugwira, ndipo akuthandizeni kumugoneka chammbali kuti asatsamire pabala.

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Amafinya bere, n'kuona timadontho tiwiri, n'kunena kuti mayiyu alibe mkaka. Pomwepo wina amathamangira madzi a shuga, tiyi, madzi a zitsamba kapena mkaka wa m'chitini. Musatero. Pa tsiku loyamba, kamimba ka khanda kamalandira mamililita 5 mpaka 7 pa nthawi imodzi, ndiye kuti supuni yaing'ono ya tiyi imodzi. Mkaka woyamba umatuluka wochepa chifukwa ndi muyeso wake womwewo. Woyera wochuluka uja umabwera pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo umabwera msanga mwana akamayamwa pafupipafupi. Chakumwa china chilichonse chimadzaza kamimba kaja, mwana n'kusiya kufuna bere, ndiponso chimalowetsa tizilombo m'matumbo amene sanakhwime.

Onetsetsani kagwiridwe ka bere, chifukwa zilonda za kunsonga ndi kulira kwa mwana kosatha zimayambira pamenepa. Khalani momasuka, msana utatsamira. Mimba ya mwana ikhudze mimba yanu, mutu ndi thupi lake zikhale pa mzere umodzi, osati khosi lopotoka. Gundani mlomo wake wapamwamba ndi nsonga ya bere, dikirani ayasamule kwambiri, ndiyeno mubweretseni kubere mwachangu; inu musaweramire kwa iye. Akagwira bwino, chibwano chimakhudza bere, mlomo wapansi umapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ya bere imaoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Mudzamuona akukoka pang'onopang'ono n'kumapumira, nthawi zina mudzamva akumeza. Mukamva kuwawa kosaleka, lowetsani chala chanu chaching'ono choyera pakona ya kamwa, mumuchotse, muyambirenso. Musapirire ululu poganiza kuti ndi mmene zimakhalira.

Kunena zoona, kuyamwitsa kumadya nthawi. M'milungu yoyambirira mwana amayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe, ndipo ulendo umodzi ukhoza kutenga mphindi 20 kapena kupitirira. Mukaphatikiza ndi maola angapo tsiku lililonse. Ndiye bambo, achemwali ndi apongozi, gawo lanu ndi ili: madzi, nkhuni, kuchapa matewera ndi kuphika zikhale zanu. Ndalama zimene banja limapulumutsa si zochepa. Mwana woleredwa ndi mkaka wa m'chitini amafuna zitini pafupifupi 40 za magalamu 500 m'miyezi 6 yoyamba. Funsani mtengo wa chitini chimodzi kusitolo, muchulukitse ka 40, muwonjezere makala owiritsira madzi ndi sopo. Lolani mwana amalize bere limodzi mpaka alisiye yekha musanamupatse linalo. Kuyambira tsiku lachisanu, akamakodza ka 6 kapena kuposa pa tsiku ndipo sikelo ikukwera, ndiye kuti akukhuta. M'miyezi 6 imeneyi safuna madzi, ngakhale mu Okutobala dzuwa litakwiya, poti mkaka wa m'bere uli ndi madzi okwanira. Phala liyambe akakwanitsa miyezi 6, bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kuposa.

Tsopano za mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wofooka moti sangathe kukoka. Ameneyu ndiye akufunitsitsa mkaka woyamba, ndipo mkaka wa mayi wake umakhala ndi zoteteza zochuluka kwa nthawi yotalikirapo. Yambani kufinya m'maola 6 oyamba mukabereka, musadikire kuti mabere adzaze. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani kapu yakukamwa kwakukulu ndi sopo, thiranimo madzi owira, akhalemo mphindi zingapo, kenako muwataye. Musapukute ndi nsalu. Ikani kansalu kofunda pabere, ndipo ngati pali wokusisitani kumsana, zimathandiza kuti mkaka utsike. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi chala cholozera pansi, m'malire mwa mbali yakuda ija. Kankhirani zalazo mkati cha kuchifuwa, kenako panikizani ndi kumasula, panikizani ndi kumasula. Musakoke nsonga, musakhwekhwereze zala pakhungu. Sunthani zala mozungulira kuti mbali zonse zituluke. Mukatha mphindi 3 mpaka 5 pitani ku bere linalo, n'kumasinthasintha mpaka zitakwana mphindi 20 kapena 30. Chitani zimenezi ka 8 pa maola 24, kuphatikizapo usiku.

Masiku oyamba mudzapeza madontho okha, ndipo akhoza kumatirira m'kapu n'kutayika. Finyirani pa supuni yaing'ono yoyera, kapena pemphani anamwino sirinji yopanda singano. Ngakhale dontho limodzi lipite kwa mwana. Pomwetsa ndi kapu, mukhazikeni chotsamira pang'ono pamiyendo panu, khosi litachirikizidwa, kapu ikhale pa mlomo wapansi, muipendeke kuti mkaka ungokhudza milomo. Iye azinyambita kapena kupsontha yekha. Musathire mkaka m'kamwa, angatsamwe. Botolo la nkhumbu lipeweni: ndi lovuta kutsuka, ndipo limasokoneza mwana akadzabwerera kubere.

Njira ya kangaru, yonyamula mwana pachifuwa khungu ndi khungu, iziyendera limodzi ndi zimenezi. Inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, ndipo kuno inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinali chimodzi mwa zipatala zisanu za m'maiko a Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania zimene zinayesa kuyamba kangaru mwana atangobadwa, osadikira kuti ayambe wapeza bwino. Zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti imfa za makanda olemera kilogalamu 1 mpaka 1.8 zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mwana akhale pakati pa mabere atavala thewera, chipewa ndi masokosi okha, mutu utatembenukira kumbali, mutamumanga ndi chitenje molimba koma osamupanikiza pamimba. Mayi akafuna kusamba kapena kupuma, bambo kapena agogo amulandire pachifuwa pawo. Si zamanyazi kwa mwamuna. Kutentha kwa chifuwa chake n'kofanana ndi kwa mayi.

Mukabwerera kuntchito, kumsika kapena kumunda wakutali, musiyireni mwana mkaka wofinya, koma samalani kasungidwe, poti lactoferrin amawonongeka ndi moto. Mkaka wovundikira bwino, woikidwa pamthunzi pozizira, ugwiritsidwe ntchito pasanathe maola 4. Mu furiji yoyenda bwino ukhala masiku 4, mukauika mkati kwenikweni osati pachitseko. Magetsi akazima nthawi yaitali, furiji n'kufunda, musaudalirenso. Wouma ngati ayezi umasungika miyezi, koma lactoferrin amacheperachepera, choncho watsopano ndiye woyamba kupereka. Musadabwe mafuta akayandama pamwamba, sikuti wasasa, ingouzunguzani pang'ono. Cholakwa chofala ndi kuuthira m'kapoto n'kuuteleka pambaula kuti ufunde. Ukawira, zoteteza zambiri zatha. Ikani kapu ya mkakayo m'mbale ya madzi ofunda kwa mphindi zingapo, donthezani padzanja kuti muyese, basi. Wotsala mwana akamwa usadutse maola 2. Mufotokozereni bwino wolera mwana zimenezi, mumuonetse kamodzi inu muli pomwepo.

Mayi amene ali ndi HIV, inunso yamwitsani. Kuyambira mu 2011 dziko la Malawi limapereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka, ndipo mukamamwa tsiku lililonse osadumphitsa, mpata woti mwana atengere umakhala wochepa kwambiri. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6, mwana alandire mankhwala ake ndi kuyezedwa pa nthawi imene achipatala anena. Choopsa ndi kusakaniza bere ndi zakudya kapena zakumwa zina m'miyezi yoyambayi. Nsonga ikachita chilonda kapena bere likatupa n'kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chakudya cha mayi sichifuna zodula. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, usipa, mazira, nkhwani kapena chisoso chotendera, zipatso za nyengo yake, ndi madzi kapena thobwa nthawi iliyonse ludzu likabwera. Onjezerani chakudya kawiri pa tsiku kuposa kale. Mayi akadwala chimfine, malungo kapena kutsekula m'mimba, alandire chithandizo koma asasiye kuyamwitsa, chifukwa thupi lake likupanga asilikali olimbana ndi matendawo, ndipo mwana amawalandira kudzera m'bere momwemo.

Nanga wina akakubweretserani botolo la makapisozi a lactoferrin? Amapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe, ndipo kuti papezeke galamu imodzi pamafunika malita ambiri a mkaka, n'chifukwa chake ndi okwera mtengo, kuwonjezera apo amachokera kunja. M'kafukufuku amene tatchula sanaonetse kuvulaza anthu, koma munthu amene thupi lake limadana ndi mkaka wa ng'ombe, wotuluka zidzolo kapena kubanika akaumwa, asawayandikire. Khanda musalipatse popanda dokotala, ndipo musatsegule kapisozi wa akulu n'kusungunulira mwana m'madzi. Amayi oyembekezera, mudzamva kuti lactoferrin amawonjezera magazi popanda kusokoneza m'mimba. Zofufuza zina zazing'ono zinaonetsadi choncho, koma si chifukwa chosiyira mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo, amene ndi aulere ndipo ali ndi folic acid woteteza msana ndi ubongo wa mwana. Akamakuchititsani nseru, imwani mutadya kapena pogona, ndipo auzeni anamwino. Ngati ndalama ilipo yoti mugulire chitetezo, ndikanakonda ipite ku mazira, sopo ndi galimoto yopitira ku katemera.

Ngakhale mwana woyamwa bwino amatha kudwala, ndipo matenda a m'magazi mwa khanda amathamanga. M'mwezi woyamba yang'anirani izi: kukana bere kapena kuyamwa mofooka, thupi kutentha kufika madigiri 37.5 kapena kuzizira pansi pa 35.5, kupuma mothamanga ka 60 kapena kuposa pa mphindi, nthiti kulowa mkati popuma, kukomoka, kungogona osatakataka ngakhale mutamugwedeza, mchombo kufiira kapena kutuluka mafinya, ndi chikasu cha tsiku loyamba kapena chofika m'zikhatho ndi kumapazi. Mukaona chimodzi chokha, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, ngakhale mwana sanatuluke m'chikuta. Tengani buku lake la kuchipatala, mumuike pachifuwa khungu ndi khungu kuti asazizidwe panjira, ndipo ngati akutha kumeza, muzimuyamwitsa kapena kumumwetsa wofinya mpaka mukafike.